Moni Wosanduka Nyenyezi

Lachitatu lino Mayi Namagonya alowanso osagogoda,
kapu ya tiyi wozizira ili kumanja:
"A Likongwe, makalata a ku Lilongwe aja
kodi akubwera wapansi?"
Sabata yathunthu. Oda ya mpunga wa ku Chilwa
yaima pena pake panjira, palibe waiona.

Ndalowa m'kachipinda kathu kopanda zenera
momwe seva imang'ung'udza usana ndi usiku
pafupi ndi beseni lolandira madontho a denga.
Ndaima pambali pake. Odi!
Yayankha ngati mwana woleredwa bwino:
220, dzina lake, la bungwe, tsiku ndi ola,
fikani, takulandirani.
Nanga chavuta n'chiyani, poti mwini nyumba ali gwa?

Ndanyamula laputopu mpaka ku Mpondabwino,
ndapempha malo pa benchi ya wosoka nsapato,
ndagula bandulo ya ola limodzi
kuti ndigogode ngati mlendo.
Odi!
220 *020*
Nyenyezi, dzuwa likuswa mtengo.
Chilembo chilichonse cha dzina lathu
chakhaliridwa pamutu ndi nyenyezi yake,
apa ndi apo ziro watsala
ngati diso losuzumira pa mpanda.
Ndapempha kuti tilankhule monong'ona, mwachinsinsi;
kumeneko kwafika mitanda inayi,
ndipo seva yati sikundimva.

Wosoka nsapato wasuzumira, ulusi uli kukamwa:
"Yafa?"
Ayi, bambo, ili moyo. Wina akuiyankhira.

Pomwepo ndakumbuka amalume, Che Ajasi,
zaka makumi awiri pa geti ya ofesi zakale zamtunda,
jekete lalitali, ndodo kukhwapa.
Mlendo asanatsirize moni
iwo anali atayankha kale: abwana atuluka.
Abwanawo ali m'kati, akudabwa
kuti masiku ano anthu asiya kuwayendera.
Mawu amene amalume sankawadziwa
sankadutsa pageti.
Sichinali chipongwe. Anauzidwa kuti alonde.

Nafenso tili naye wathu, kabokosi kotuwa
kolumikiza ofesi ndi dziko lonse.
Anakaika Mwenyeheri asanasamukire ku Mangochi
ndi mawu achinsinsi m'mutu mwake.
Ndamuimbira kanayi. Kachisanu wayankha ali m'minibasi,
kondakitala akukuwa Ulongwe, Ulongwe:
"Solola dilowa yapansi, uitembenuze."
Zoonadi, alipo, olembedwa ndi pensulo
pafupi ndi chisa cha mphemvu.

Ndangolowa, magetsi thi!
Jenereta yatsokomola katatu isanavomere.
Ndawerenga malamulo a mlondayo mzere ndi mzere,
chala pagalasi, monga Sitandade 2,
mpaka ndaupeza: secha kalata iliyonse,
bisa dzina la mwini nyumba,
mawu achilendo uwafufute.

Chala changa chazengereza.
Amene analemba izi ankaopa mbala,
ndipo mbala sizinathe.
Koma nyumba yobisa dzina ngakhale kwa abale
imatsala yokha ndi chitetezo chake.
Ndachotsa mzere umodzi wokhawo. Ena onse ndawasiya.
Ndalemba tsiku ndi chifukwa m'kope,
osati kunsi kwa dilowa.

Odi!
Dzina lathu latuluka lonse, lopanda chipsera.

Makalata mazana awiri alowa mopanikizana
ngati ana a sukulu pa chitseko mvula itayamba.
Oda ya mpunga ilimo, ya Lachinayi lapita.
Mayi Namagonya sanathokoze:
"Nanga awa akuti ndawina galimoto ndi ndani?"
Amenewo ndi a mawa, mayi.

Ndikukwera ku Chinamwali mdima utagwa,
nkhungu yavundukula phiri pang'ono.
Pamwamba pa mitengo ya paini pandandalika nyenyezi,
mzere wautali, wopanda ngakhale ziro.
Ndaima pamsewu, khosi m'mwamba,
kabaza akundiimbira belu,
ine ndikuyesa kuwerenga
dzina lomwe laphimbidwa kumeneko.